Latikwana dzuwa lolowa pa Thumbi

Aliyense amene adafikapo pa Chembe, mudzi waukulu wa asodzi umene alendo amautcha Cape Maclear, akuzidziwa zithunzi zimene ndikufuna kukamba pano. Zimayalidwa pamchenga kapena kukolekedwa pa mipanda ya bango pafupi ndi malo ogona alendo. Dzuwa lofiira psuu likulowa kuseri kwa chilumba cha Thumbi, bwato limodzi lakuda lili pakati pa madzi, msodzi woonda ngati ndodo wagwira nkhafi, ndipo pakona pali mlambe. Mukasuntha pang'ono mupeza chithunzi chomwecho, kungoti mlambe uja wasamukira kumanzere.

Kwa nthawi ndithu ine ndinkaziseka zithunzizi, monga amachitira aliyense amene wangolawako sukulu ya ukachenjede. Ndidasiya kuseka tsiku limene ndidazindikira kuti ndakatulo zanga zidali zithunzi zomwezo, kungoti zanga zidali za mawu. Choncho awerengi musaganize kuti ndabwera ndi mkwapulo wokwapulira anzanga ojambula. Mkwapulowu uyambira pamsana panga.

Ndidakakhala pa Chembe m'chaka cha 2020, m'nyengo ya mwera, pamene mliri wa Covid-19 udaimitsa ndege ndipo ntchito yathu ya utolankhani wa maganyu idauma gwa. Mbale wanga wina adandipatsa kachipinda. M'chikwama ndidatenga kope la ndakatulo za nyanja zimene ndidalemba ndili ku Blantyre, ine munthu amene nyanjayo ndidali nditangoiona kawiri, ulendo woyamba uli wa sukulu. Alendo kudalibe. Ojambula ankangokhala pansi pa mitengo kusewera bawo. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire amene sindimutchula dzina poti sakonda za m'nyuzi, adavomera kundiphunzitsa kujambula, malipiro ake ali shuga ndi timabotolo ta penti tochokera ku Mangochi.

Tsiku loyamba sadandipatse penti ayi. Adandipatsa khala ndi chidutswa cha katoni, nkundilozera bwato limene lidali pamchenga. Mphindi zisanu zisadathe ndidali nditamaliza. Iwo adayang'ana katoniyo, nkuyang'ana ine.

"Achimwene, limeneli ndi bwato kapena nthochi?"

Ndidati ndi bwato.

"Mwajambula bwato la m'mutu mwanu. La pamchengali simunaliyang'ane n'komwe. Khalani pansi."

Ndidakhala pa bwato limenelo masiku atatu. Pang'onopang'ono ndidayamba kuona kuti kamwa la bwato ndi lopapatiza, milomo yake yopindikira m'kati, kotero kuti wopalasa amakhala pamwamba miyendo yokha ili m'kati. Ndidaona kuti silidali lowongoka, lidatsata m'mene mtengo wake udakhotera ukadali m'nkhalango. Ndidaona chigamba cha lata chokhomedwa ndi timisomali nkumatidwa phula, komanso mbali imodzi yoperepeseka pamene nkhafi imakhula. Bwato limenelo lidali ndi mbiri, ndipo mbiri yonseyo idali poyera, ine ndekha ndi amene ndinkathamangira kujambula chimene ndinkachidziwa kale. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwambiwu ndinkangoulemba pa mayeso osaudziwa kulemera kwake.

Itafika nthawi ya penti, ndidatapa buluu wambiri nkupaka nyanja yonse. Aphunzitsi angawo sadakambe kanthu. Mawa lake adandidzutsa kusadache, nkundibwezeranso pagombe masana ndi madzulo, funso lili limodzi: "Buluu wanu uja ali pati?" M'mamawa madzi adali otuwa ngati malata akale. Masana pafupi ndi mchenga adali mbee mpaka kuona pansi, pakatikati obiriwira, kutali akuda. Kunja kwa zilumba kumene mwera umamenya kunkaoneka timizere toyera ta thovu. Buluu adalipo, koma adali mlendo wobwera kwa maola ochepa.

Usiku womwewo ndidatsegula kope langa lija. Ndakatulo imene ndinkainyadira kwambiri inkayamba motere:

Nyanja yanga yokongola, mayi wa Amalawi,
Madzi ako oyera ngati galasi,
Nsomba zako zokoma zosawerengeka.

Taonani nokha awerengi. M'mizere itatu yonseyi mulibe chinthu n'chimodzi chomwe chimene munthu angachione ndi maso. Chotsani mawu oti Amalawi, ndakatuloyi mutha kuipereka kwa nyanja ina iliyonse ya pa dziko lapansi ndipo imukwana ngati yunifolomu ya sukulu. Mawu oti "yokongola" ndi buluu wa alakatuli: timawapaka paliponse pamene tachita ulesi kuyang'ana. Nanga "nsomba" ndiye chiyani pa Chembe? Mwana wa sitandade 2 kumeneko amasiyanitsa usipa, utaka, ncheni, kampango ndi chambo asadadziwe n'kulemba komwe dzina lake. M'miyala ya pa Thumbi ndi Domwe muli mbuna za mitundumitundu zimene zidachititsa kuti boma likhazikitse Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Ine mlakatuli zonsezi ndidazikulunga m'liwu limodzi. Choipitsitsa n'chakuti liwu loti "zosawerengeka" ndi bodza. Chambo chidatha m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo msodzi aliyense wa kumwera kwa nyanja akuuzani kuti amapalasa mtunda wautali kuposa umene ankapalasa bambo ake. Ndakatulo yanga idali chikomekome cha mkuyu.

Phunziro lachiwiri sindidalipeze kwa munthu, ndidalipeza pa mwala. Pafupi ndi msewu wochokera ku Monkey Bay, musadalowe m'mudzi, pali thanthwe lalikulu lotchedwa Mwala wa Mphini. Nkhope yake yonse ndi yochekekachekeka mizere yopingasana. Akatswiri a miyala amati palibe dzanja la munthu lidatema pamenepo, ndi ntchito ya dzuwa, mvula ndi nyengo. Koma wina wake kalekale adaima pamenepo, nkuyang'anitsitsa, nkukumbukira mphini za pankhope kapena pamimba pa amayi ake, nkupereka dzina. Munthu ameneyo, amene dzina lake lidapita ndi mphepo, ndimamuyesa mlakatuli woyamba wa dera limeneli. Kuti dzinalo libadwe adayenera kuona zinthu ziwiri bwinobwino, mwalawo ndi thupi la munthu. Yerekezani ndi dzina loti Cape Maclear, limene David Livingstone adapereka pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Dzina limenelo limatiuza za mabwenzi a Livingstone, za malowo silitiuza kanthu.

Kusukulu adatiphunzitsa chifanifani, chibwereza, phiphiritso ndi zina zotero monga zipangizo za ndakatulo, ndipo ambiri tidamva ngati ndi mchere wowaza pamwamba ndiwo zitapsa kale. N'chifukwa chake ine ndidalemba "ngati galasi", chifanifani chobwereka m'mabuku a Chingerezi. Mwala wa Mphini udandiphunzitsa kuti chifanifani chabwino chimachokera m'moyo wa amene akuyankhulayo. Tengani nyali za asodzi a usipa zimene zimadzadza nyanja usiku kukakhala kopanda mwezi. Timabuku toitanira alendo timati ndi nyenyezi, ndipo alakatuli a m'tauni tonse tidameza zomwezo. Mayi wina amene ndidakhala naye pafupi pagombe adaziyang'ana nkuti, "Ngongole zathu zija zayaka." Ankanena za mabatire, mafuta a injini ndi ndalama imene adapereka kale kwa mwini ukonde kuti m'mawa adzamugulitse nsomba. M'kope langa lonse mudalibe mzere wofika pamenepo.

Apa ndi pamene ndidayamba kuona chimene chimasowa m'zithunzi za dzuwa lolowa zija. Msodzi wa m'zithunzizo amakhala yekhayekha, wopanda nkhope, ngati kuti wapita kukapunga mphepo. Koma usipa sagwira munthu mmodzi. Chilimira chimafuna gulu la anthu pafupifupi 10: siginala amene amatsogola ndi nyali m'bwato lake kuitana nsomba, ndi alovi amene amaponya ndi kukoka ukonde mpaka manja kutuluka matuza. Amanyamuka madzulo, kubwera m'bandakucha atanyowa ndi kuzizidwa. Pagombe pamakhala amayi ndi mabeseni, kukangana mtengo, kuthamangira ku mathandala kukayanika, maso ali kumwamba kuopa mtambo umene ungawoletse mpamba wonse. Umenewu ndiye moyo wa pa Chembe, ndipo m'zithunzi zogulitsa mulibemo.

Ndidawafunsa aphunzitsi anga chifukwa chake. Adaseka.

"Achimwene, mzungu akufuna choti akapachike pabalaza kwawo, azikakumbukira kuti anapuma bwino. Ndiye ndimujambulire thukuta? Komanso chikhale choti apinde chilowe m'chikwama. Ana anga fizi yawo imachokera pa dzuwa limeneli."

Ndidasowa poyankha, ndipo mpaka lero sindiwaweruza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma yankho lawo lidandikumbutsa ndakatulo ya Jack Mapanje, mwana wa boma lomweli la Mangochi wobadwira m'mudzi wa Kadango mu 1944. M'buku lake la Of Chameleons and Gods, limene lidatuluka mu 1981, muli ndakatulo yaifupi ya m'Chingerezi yotchedwa "Kabula Curio-Shop", yokamba za chosema chimene chathera pakona ya sitolo yogulitsa ziboliboli chili chothyokathyoka. Ndidaiwerenga koyamba ndili pasukulu, koma ndidaimvetsa ndili pa Chembe. Mbali yaikulu ya ndakatuloyo Mapanje adaithera pa ntchito ya mmisiri, zida zake ndi khama lake, ndipo palibe pamene adaima nkuyamba kulalikira za kuipa kwa malonda. Adangotionetsa ntchitoyo, kenaka nkutionetsa kumene yathera. Mkwiyo umabwera wokha mwa wowerenga.

Mbadwo wa a Mapanje, a Steve Chimombo ndi anzawo a Writers Group imene idayamba ku Chancellor College mu 1970, udaphunzira luso limeneli mokakamizidwa. Lamulo lounika mabuku la 1968 lidali pakhosi pawo. Buku la Mapanje lidachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu mu 1985, mwini wake adamangidwa mu 1987 nkukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Munthu wolemba m'nyengo yotero sakadatha kuloza chala, ndiye ankasiya bilimankhwe, nkhuku, napolo kapena chosema kuti chimuyankhulire. Sindikunena kuti Mikuyu ibwerere kuti ndakatulo zikome, Mulungu atiteteze. Ndikungoti ife amene tidakula pambuyo pa 1994 tili ndi ufulu wonena chilichonse, ndipo ambiri taugwiritsa ntchito posiya kuyang'ana. Tamverani ndakatulo za pa wailesi ndi za pa misonkhano. Zambiri ndi ulaliki woduladula m'mizere: tiyeni tisamale chilengedwe, tiyeni tipewe matenda, atsikana pitani kusukulu. Uthengawo ndi wabwino, koma mulibe munthu, mulibe malo, mulibe bwato lokhala ndi chigamba. Nafenso alakatuli tili ndi mzungu wathu. Ndi bungwe limene limalipira ndakatulo ya tsiku lokumbukira chakutichakuti, ndi gulu la mu holo limene likufuna kuseka mzere uliwonse. Ifenso timajambula dzuwa limene wogula akufuna. Nkhani za chikondi nazo n'chimodzimodzi. Chitchukireni "Ndidzakutengera Kunyanja Ligineti" ya a Benedicto Wokomaatani Malunga, anyamata osawerengeka akhala akulonjeza atsikana ulendo wa kunyanja, koma otsanzirawo adangotengako ulendowo, khutu la Chichewa limene mwini wake ali nalo adalisiya.

Phunziro lomaliza lidali la kudziwa polekera. Ndikamajambula ndinkafuna kudzadza pepala lonse, kuopa kuti malo oyera aoneka ngati ulesi. Tsiku lina aphunzitsi adandigwira dzanja. "Basi, siyani pomwepo. Kuwala kwa pamadzi ndi pepala limene simunalikhudze. Mukapaka, mwazimitsa." Nditabwerera ku kope langa ndidapeza kuti pafupifupi ndakatulo iliyonse ili ndi ndime yomaliza yoyamba ndi mawu oti "Choncho abale anga", m'mene ndinkamasulira zimene ndanena kale ngati kuti wowerenga ndi mwana wa mkaka. Ndidadula ndime zonsezo, ndipo palibe ndakatulo imene idadandaula.

Komabe ndisanamize anthu kuti ndakatulo ndi chithunzi ndi chinthu chimodzi. Chithunzi chimalowa m'maso nthawi imodzi, pamene ndakatulo imayenda liwu ndi liwu ndipo imalowera kukhutu. E.J. Chadza sadalakwe potcha buku lake la ndakatulo la 1963 kuti Ntchito ya Pakamwa. Zimenezi aphunzitsi anga ojambula sakadandiphunzitsa, adandiphunzitsa ndi amayi a pa mathandala. Nditalembanso ndakatulo ina yokamba za kubwera kwa mabwato m'mawa, ndidalimba mtima nkuwawerengera. Adamvetsera manja ali pa usipa. Nditamaliza mmodzi adati, "Zoona zake ndi zomwezo, koma mukuyankhula ngati wailesi." Adandibwerezera mzere wina m'mene iwo akadaunenera, mawu asanu m'malo mwa khumi, ndi mvekero umodzi pamapeto. Chichewa chili ndi penti wakewake m'mivekero, mawu onga mbee, bii, psuu, zii, koma nayenso amafuna dzanja lodziletsa. Woyamba kumene akangoitulukira amaiwaza paliponse mpaka ndakatulo kumveka ngati ng'oma yoboola.

Tsono funso ndi lakuti, kodi vuto la zithunzi za pa Chembe ndi la ojambula okha? Ine ndikuti ayi, ndipo apa ndikutembenukira kwa inu amene mwagula nyuzipepala ino mu Lilongwe, Blantyre, Zomba kapena Mzuzu. Kujambula sikudabwere ndi alendo m'dziko muno. Ku mapiri a Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO idawazindikira mu 2006: zofiira za Akafula, ndi zoyera za Achewa zokhudzana ndi chinamwali ndi gule wamkulu. Zithunzi zimenezo zidali ndi eni ake oziona, anthu a pamudzi pomwepo, ndipo zidali ndi ntchito. Ku Mua, malo a Kungoni amene adayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976 adaonetsa kuti amisiri athu akapatsidwa mpata amasema moyo wa kwawo mozama. Luso lilipo. Chosowa ndi wogula wa kuno. Ife a m'tauni timapita kunyanja pa Khirisimasi ndi pa Isitala, kujambulana ndi mafoni, kudya chambo, nkubwerera osagula kanthu, kapena kunenerera mtengo mpaka wojambula kutsala ndi ya penti yokha. Pabalaza pathu tapachika makalendala a mabanki ndi zithunzi za mathithi a kumaiko amene sitidzafikako. Wojambula akakhala ndi wogula mmodzi yekha, wogulayo ndi amene wagwira bulashi. Ndipo chaka cha 2020 chidatsimikiza kuti mlendo ndi mame.

M'miyezi imeneyo, poti padalibe womujambulira dzuwa, aphunzitsi anga adatenga chidutswa cha pulayiwudi nkujambula gombe la Chembe nthawi ya m'mawa. Kutsogolo kuli amayi atatu awerama pa thandala, wina mwana ali kumbuyo mutu uli lende. Pambali alovi awiri agona chafufumimba pa mulu wa ukonde. Kamnyamata kakuthawa ndi usipa m'chipewa. Nyanja ili kumbuyo, kachigawo kochepa, yotuwa. Monga wounika ndinene zofooka zake: manja a amayiwo ndi aakulu kuposa muyeso, ndipo thandala likuoneka ngati likutsetsereka kugwera kwa woonera, poti mkuluyu sadazolowere kujambula zinthu zoyandikana chotero. Dzuwa adalijambula kambirimbiri mwakuti atha kulijambula atatsinzina, pamene apa dzanja likuoneka kuti likufufuza njira. Koma m'zithunzi zonse zimene ndidaona pa Chembe, ichi chokha ndi chimene anthu a m'mudzimo ankaima nkuchiyang'ana. Ankabwera kudzakangana kuti wawerama pakatiyo ndi mayi a uje kapena mng'ono wawo, ndipo wina adadandaula kuti amujambula ndi chitenje chakale. Pa zithunzi za dzuwa zija sindidaonepo munthu wa pa Chembe ataima ngakhale kamodzi.

Nditapitakonso patatha zaka ziwiri, alendo adali atabwerera ndipo dzuwa lidali likulowanso pa mipanda yonse ya bango. Chithunzi cha pulayiwudi chija ndidachipeza kuseri kwa chitseko, chitachita fumbi.

"Bambo, chimenechi simunagulitse?"

"Agule ndani? Amati mulibe dzuwa. Komanso sichipindika."

Ndidachigula mwa pang'onopang'ono, katatu, ndipo ndidavutika nacho m'minibasi kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Limbe. Pa ndakatulo za m'kope lija ndidasungapo ziwiri, zinazo adayatsira mbaula. Kwa achinyamata amene amanditumizira ndakatulo zawo kuti ndiziunike, yankho langa lakhala limodzi, lomwe ndidapatsidwa pamchenga paja: musadalembe za nyanja, za amayi kapena za dziko, sankhani bwato limodzi, mukhale nalo pansi masiku atatu.